Pathupi padachoka, jakisoni wachiwiri sanakabayitse: chimawasiyitsa kulera n'chiyani?

"Azamba, ndine mayi wa ana atatu, ndikulemba kuchokera ku Dedza. Mng'ono wanga wa zaka 23 pathupi pake padachoka pali pa miyezi iwiri. Kuchipatala adamutsuka m'chiberekero, ndipo asanatuluke adamubaya jakisoni wa Depo. Kuyambira pamenepo adakhala akudontheza magazi, lero asiya, mkuja ayambanso, pafupifupi miyezi iwiri yathunthu. Tsiku la jakisoni wachiwiri lidakwana koma sanapite, pano padutsa masabata 6. Mwana sakumufuna panopa, koma akuti za jakisoni ayi. Mnzake amene adagonekedwa naye limodzi adapatsidwa mapiritsi, adangomwa paketi imodzi n'kulekera pomwepo. Kodi ndi kusasamala kwa atsikana a masiku ano, kapena mankhwalawa ndiwo ali ndi vuto? Ndimuthandize bwanji?"

Zikomo mayi chifukwa chomuganizira mng'ono wanuyo. Mtima ukhale m'malo. Kudontheza kumene mwafotokozaku n'kofala kwambiri m'miyezi yoyambirira ya Depo, ndipo nthawi zambiri sikutanthauza kuti m'thupi mwawonongeka kanthu. Musamuonenso ngati mwana wosamva. Amayi amene amasiya jakisoni, mapiritsi kapena makondomu atangotuluka m'chipatala pathupi patachoka si ochepa, achikulire ndi atsikana omwe, ophunzira ndi osaphunzira omwe.

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire. Depo amateteza masabata 13. Munthu akachedwa, timatha kumubaya popanda mafunso ambiri mpaka masabata 4 kuchokera pa tsiku lomwe adalemberedwa. Mng'ono wanu wapitirira malire amenewa, choncho panopa tizimuona ngati alibe chitetezo chilichonse, ngakhale sanayambe kusamba bwinobwino. Sabata yomwe ino apite akayezetse mimba. Ngati wakhala malo amodzi ndi mwamuna popanda kondomu m'masiku 5 apitawa, akapemphe mapiritsi a pangozi, a levonorgestrel 1.5 mg, ndipo akamwa msanga m'pamene amagwira bwino. Akapezeka alibe mimba akhoza kuyamba njira tsiku lomwelo, n'kumagwiritsa ntchito kondomu masiku 7 oyamba, kenako akayezetsenso pakatha masabata 3 kapena 4, chifukwa mimba ya masiku ochepa sioneka pa choyezera.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Kusiya kwambiri kumabzalidwa tsiku lomwe njirayo ikuperekedwa. Taganizirani mmene munthu amakhalira pa bedi paja. Wataya magazi, m'mimba mukupota, wangotsukidwa m'chiberekero ndi kachipangizo kopopera kapena wapatsidwa mapiritsi otulutsa zotsalira, a misoprostol. Wina akulira mwana amene amamuyembekezera ndi mtima wonse, wina akunjenjemera kuti kunyumba adziwa. Namwino ali ndi odwala ena pakhomo, amafunsa mwachangu kuti "mulera ndi chiyani?" Mayi amatchula chimene adamvapo, ndipo kuno kwathu chimenecho ndi jakisoni: kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 adapeza kuti pa amayi a pabanja 100 alionse, 30 anali pa jakisoni. Ena amangovomera mwaulemu kuti awamasule azipita. Zimene adauzidwa za zovuta za mankhwala, ngati adauzidwa n'komwe, pofika pa geti zauluka.

Kufulumira kwa achipatalaku kuli ndi chifukwa chomveka. Pathupi pa miyezi itatu yoyamba pakachoka, dzira likhoza kukhwimanso pakangotha masiku 8 mpaka 10, ndipo ambiri limakhala litakhwima mwezi usanathe. Mayi akhoza kutenga mimba ina asanaone msambo ndi umodzi womwe. Ndiye kupereka njira tsiku lomwelo n'koyenera ndithu, ndipo ikayambidwa m'masiku 7 oyamba imagwira nthawi yomweyo. Chimene chimasowa ndi kukhalanso pansi kachiwiri, pakatha sabata ziwiri, mutu utazizira, kumufunsa kuti "kodi chimene mudatenga chija mukuchifunadi?" Ulendo wachiwiri umenewu ndi umene anthu ambiri sapita, ndipo zipatala zambiri siziwulimbikitsa mokwanira.

Nkhani ya magazi ndiyo imasiyitsa ambiri, ndipo kwa mayi amene pathupi pachoka imasokoneza kawiri, chifukwa pali magazi a mitundu iwiri amene amalumikizana. Oyamba ndi otsatira kutsukidwa. Amenewa amayamba ngati msambo, amachepa tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri pofika sabata ziwiri amakhala atatha. Achiwiri ndi a Depo. Mankhwalawa amaletsa dzira kukhwima, komanso amachititsa kuti khungu la m'kati mwa chiberekero likhale lopyapyala, ndiye timitsempha take timangotulutsa timagazi mosatsata kalendala. Oyamba aja asanathe bwino, achiwiri ayamba. Mayi amangoona kuti chichokereni kuchipatala sanaumepo, ndipo amaganiza kuti mwina sadamutsuke bwino, kapena jakisoni wamuvulaza.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Magazi a Depo amakhala ochepa, nthawi zina oderako, sanunkha, sabwera ndi kutentha thupi, ndipo m'mimba simupweteka kwenikweni. Magazi osonyeza kuti m'chiberekero mudatsalira zina kapena mwalowa matenda amakhala ambiri kapena a mibulu, amatha kununkha, pansi pa mchombo pamapweteka makamaka pokhala malo amodzi ndi mwamuna, thupi limatentha kapena kuzizidwa. Zoterezi si za jakisoni, ndipo kusiya jakisoni sikuzichiza. Zimafuna kupimidwa, mwina kuunikidwa, ndi kupatsidwa mankhwala opha tizilombo.

Tikamanena kuchipatala kuti kudontheza "sikoopsa", timanena zoona, koma timaiwala kuti kunyumba kuli malamulo ake. M'mabanja ambiri mayi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo, sagona mphasa imodzi ndi mwamuna wake, ndipo mwamuna amaopa kanyera. Mayi wachisilamu amaima kuswali. Tsono masiku 5 pamwezi banja limapirira, koma miyezi iwiri? Mwana amene amatumidwa kuthira mchere tsiku lililonse amadabwa, apongozi amayamba kufunsa, mwamuna amayamba kuchedwa kubwera. Onjezani mtengo wa mapadi ndi sopo wochapira nyanda. Mayi amene wasiya jakisoni pa zifukwa zimenezi wawerengera bwino zimene zikumuchitikira, kungoti palibe amene adamuuza kuti thandizo lilipo.

Lilipodi. Achipatala amatha kupereka mefenamic acid 500 mg, kumwa kawiri pa tsiku atadya kwa masiku 5, kuyambira tsiku lomwe kudontheza kwayamba. Nthawi zina amaonjezera mapiritsi olerera a mahomoni awiri kwa kanthawi kuti magazi aime. Asakagule yekha, chifukwa mefenamic acid sayenera munthu wa zilonda za m'mimba. Ndinenenso mosabisa kuti thandizoli limapumitsa, silithetseratu. Chimene chimathetsa ndi nthawi: pa jakisoni wachiwiri ndi wachitatu kudontheza kumachepa, ndipo chaka chikamatha amayi ambiri sasamba n'komwe.

Apo pamabadwa mantha ena. Amene adapirira kudontheza amadzasiya chifukwa msambo wasowa, poganiza kuti magazi akuundana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa, kapena kuti ali ndi mimba ina, mantha amene kwa munthu wongodutsa kumene m'zowawa amakula kwambiri. Chiberekero si ndowa yoti magazi azidzaziramo. Magazi a msambo ndi khungu lija limene limakula mwezi ndi mwezi n'kusenda. Pa Depo silikula, ndiye palibe chotuluka, palibenso chotsalira.

Pali chinanso chimene amayi amanamizira kulera pomwe mwini wake ndi wina. Chizungulire, mtima kugunda mofulumira, kutopa pokwera kachitunda, mutu wosatha: mwa munthu amene wataya magazi ambiri, zimenezi kawirikawiri ndi kuchepa kwa magazi. Popeza zimayamba sabata yomwe wayamba kulera, mlandu umagwera jakisoni. Mng'ono wanu akayezetse kuchuluka kwa magazi. Akapezeka ochepa amapatsidwa mapiritsi a ayironi oti amwe pafupifupi miyezi 3, ndipo asawamwere tiyi chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Bonongwe, chisoso, nyemba, usipa ndi chiwindi zizipezeka m'mbale. Kunenepa kokha ndiko kuli koona kwa ena pa Depo, pafupifupi kilogalamu 1 kapena 2 pachaka.

Za mnzake wa mapiritsi uja, nkhani yake ndi yodziwika. Paketi ya Microgynon ili ndi mapiritsi 28: 21 a mahomoni ndi 7 oderako a ayironi. Akapatsidwa paketi imodzi yokha, ndiye kuti m'masabata anayi ayenera kupezanso ndalama ya kabaza, kusiya ntchito, kukaima pa mzere. Akachedwa kuyamba paketi yatsopano ndi masiku 3, chitetezo chagwedezeka kale. Pamwamba pa apo, mseru ndi kuwawa kwa mabere zimene mapiritsi amabweretsa poyamba zimakumana ndi zizindikiro za mimba ija zimene sizinatheretu m'thupi, mayi n'kumati mankhwalawa sakumuyanja. Kumwa usiku pogona kapena pamodzi ndi chakudya kumachepetsa mseru, ndipo pakatha miyezi 3 ambiri sadandaulanso.

Ambiri amasiyanso mapiritsi chifukwa adaiwala masiku awiri n'kuganiza kuti paketi yonse yawonongeka. Ayi. Mukaiwala limodzi kapena awiri, imwani limodzi mukangokumbukira, n'kupitiriza monga mwa masiku onse, ngakhale zitanthauze kumwa awiri tsiku limodzi. Mukaiwala atatu kapena kuposa, chitani chimodzimodzi koma gwiritsani ntchito kondomu masiku 7, ndipo ngati zachitika mu mzere wachitatu wa paketi, malizani a mahomoniwo, dumphani oderako aja, yambani paketi ina mawa lake. Mukasanza pasanathe maola awiri chimwereni, imwaninso lina. Microlut, mapiritsi a homoni imodzi, ndiwo ali ndi mwambo wolimba: kuchedwa maola opitirira 3 kumafuna kondomu masiku awiri. Ndipo pokatenga, pemphani mapaketi a miyezi itatu kapena kuposa. Ngati m'nkhokwe alimo, palibe chifukwa cha zaumoyo chokupatsirani imodziimodzi.

Chifukwa china sichikhudza mankhwala ngakhale pang'ono. Pathupi pakachoka, akuluakulu amalamula kuti banja lidike kaye. Mayi amaona kuti kumwa piritsi tsiku lililonse pomwe palibe chikuchitika n'kutaya nthawi, amasiya. Koma tsiku lobwerera kuchipinda silidziwika pasadakhale, ndipo nthawi zambiri si iye amene amalisankha. Chimodzimodzi amene mwamuna wake ali ku Joni kapena kunyanja, amangotulukira usiku osanena. Mtsikana amene chibwenzi chidatha chifukwa cha mimba ija amalumbira kuti za amuna wasiya, ndipo amanena kuchokera pansi pa mtima, koma pakatha miyezi itatu agwirizananso, mapiritsi adataya kalekale. Makondomu nawo ali ndi vuto loti wopatsidwa ndi mayi koma wovala ndi bambo, amene sanali nawo kuchipatala ndipo sanamve chilichonse.

Tisaiwale amene amasiya chifukwa akufunadi mwana. Wopita padera pa mimba yoyamba, apongozi akumuyang'ana, sangalimbikire kulera kumene adangovomera pa bedi. Ameneyu sanalakwe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kudikira miyezi yosachepera 6 kuti thupi, makamaka magazi, libwerere m'malo. Chimene ndimaona kuti n'cholakwika ndi kumubaya Depo munthu wotere osamuuza kuti jakisoniyu amachedwetsa kubereka. Sapangitsa uchumba, koma mimba imabwera mochedwa ndi miyezi pafupifupi 4 kuyerekeza ndi amene asiya njira zina, ndipo si zachilendo kudikira miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza. Wofuna mwana chaka chomwe chino angachite bwino ndi mapiritsi kapena kondomu. Ndipo amene wapita padera katatu motsatizana akaonane ndi dokotala wa amayi asanayesenso.

Kenako pali ulendo wobwerera kuchipatala. Kwa munthu amene adafunsidwa mafunso olasa tsiku lija, kapena amene akuopa kuti pa mzere wa kulera, womwe m'malo ambiri uli pafupi ndi sikelo ya ana, akumana ndi oyandikana nawo nyumba, kubwerera n'kolemera. Wosakwatiwa ndiye kwambiri. Wina amabisira mwamuna wake, ndipo buku la kuchipatala lolembedwa tsiku la jakisoni limamuulula. Wina amafika n'kumva kuti Depo watha, abwere sabata ya mawa. Wina adathandizidwa pa chipatala cha mishoni cha Katolika, kumene amasamalira bwino mayi wotaya magazi koma sapereka njira zamakono zolerera, ndipo sanauzidwe kokapitirizira. Mng'ono wanu adziwe kuti sakakamizidwa kubwerera kumene adagonekedwa. Alangizi a zaumoyo a m'dera lake amabaya Depo, zipatala za boma zimapereka kulera kwaulere, kuli Banja La Mtsogolo ndi bungwe loona za kulera la FPAM, ndipo akhoza kuimba 54747, Chipatala Cha Pa Foni, kufunsa mosaonekera nkhope. Thandizo la mayi amene pathupi pachoka limaperekedwa posatengera kuti padachoka bwanji.

Kuti mtunda ndi mzere zimasiyitsadi anthu tidazionera ku Nsanje. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 adayerekeza amayi odzibaya okha jakisoni wolerera wa Sayana Press kunyumba ndi amene amakabayitsa kwa azaumoyo. Chaka chitatha, 73 pa 100 mwa odzibaya okha anali akupitirizabe, pomwe mwa enawo anali 45 okha. Mankhwala omwewo, zovuta zomwezo, chosiyana ulendo basi. Sayana Press ndi mtundu womwewo wa Depo koma wa 104 mg m'malo mwa 150 mg, kasingano kake n'kakafupi, amabaya pansi pa khungu pamimba kapena pantchafu masabata 13 alionse. Amakuphunzitsani, mumadzibaya koyamba iwo akuona, n'kukupatsani ena okasunga kunyumba pamalo osatentha, kutali ndi ana. Kungoti kwa mng'ono wanu ameneyu sathetsa dandaulo lake, chifukwa kudontheza kumakhalapobe.

Ndiye asankhe chiyani? Mwini wake ndiye anene, koma manambala awa amuthandize. Pa amayi 100 ogwiritsa ntchito njira monga anthu amachitira masiku onse, kuiwala ndi kuchedwa komwe, chaka chimodzi chikatha pafupifupi 13 a kondomu ya abambo amakhala atatenga mimba, 7 a mapiritsi, 4 a jakisoni, pomwe a lupu ndi a zoika pamkono safika ndi mmodzi yemwe. Kusiyanaku sikubwera chifukwa choti mapiritsi ndi ofooka, koma chifukwa amafuna kuti munthu asankhenso kulera m'mawa uliwonse, pomwe lupu amasankha kamodzi.

Popeza chomwe chamutopetsa ndi magazi osadziwika tsiku, ine ndingayambe kumufotokozera njira ziwiri. Mapiritsi a mahomoni awiri ndiwo amabweza msambo mu ndondomeko kuposa njira zonse, ndipo amachepetsa magazi, ngati angathe kumwa tsiku ndi tsiku. Sayenera kwa amene BP yake ndi yokwera, amene amadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuona zothwanima, amene magazi adaundanapo m'mwendo, kapena wosuta fodya wa zaka 35 kupita m'tsogolo. Njira inayo ndi lupu ya kopa. Ilibe mahomoni, msambo wake wachibadwa umapitirira, imakhala zaka 10 mpaka 12, ndipo akaichotsa akhoza kutenga mimba mwezi womwewo. Choipa chake, msambo umachuluka ndi kupweteka m'miyezi yoyamba, choncho ngati magazi ake ndi ochepa ayambe wawakweza, ndipo siikidwa m'chiberekero mukadali matenda.

Zoika pamkono, zimene ambiri amangoti noplanti, ndi zodalirika kwambiri: Jadelle ya timitengo tiwiri zaka 5, Implanon ya kamtengo kamodzi zaka 3. Koma asamunamize munthu kuti kumeneko kulibe kudontheza. Kuliko, ndipo kwa ena kumatenga nthawi yaitali kuposa pa Depo. Ubwino wake ndi woti akatopa nayo amakaichotsa, ndipo ndi ufulu wake kuichotsa tsiku lomwe wafuna, pomwe jakisoni akalowa walowa. Akanenenso mankhwala ena alionse amene akumwa. Rifampicin wa chifuwa chachikulu ndi mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amafooketsa mapiritsi ndi zoika pamkono, koma Depo ndi lupu sazikhudza. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri akumwa masiku ano, sasokoneza kulera. Pa HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, mwa njira zolererazi kondomu yokha ndiyo imateteza.

Inu monga mkulu wake, musayambe ndi "bwanji sunapite". Mufunseni chimene chidamuvuta kwambiri, mumusiye alankhule mpaka amalize. Mwina mupeza kuti si magazi okha, pali mwamuna amene akukana, kapena chisoni chimene sanauzepo munthu. Ngati sakugona, sakudya, amangolira kapena akulankhula zofuna kudzipha, zimenezo akazinene kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati pali kumenyedwa kapena kukakamizidwa, zipatala zazikulu zili ndi malo othandizira ochitidwa nkhanza. Mukamuperekeza, mumulole alowe yekha m'chipinda ngati akufuna, ndipo akanene mosazungulira kuti "jakisoni sindikumufuna chifukwa cha kudontheza, ndipatseni njira ina lero". Asatuluke chimanjamanja ndi lonjezo lodzabweranso.

Pali zizindikiro zimene sizidikira tsiku la kulera. Akamanyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana, akatentha thupi kapena kutuluka zonunkha, akamakomoka kapena kupuma movutikira, mupite naye nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ndipo popeza wakhala masabata angapo wopanda chitetezo, akamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya pansi pa mimba, makamaka kukabwera ndi chizungulire kapena kuwawa kwa phewa, musamupatse panado n'kudikira kuti kuche. Ikhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero, ndipo imeneyo imafuna chipatala cha boma cha pa Dedza kapena china chilichonse chapafupi chimene chimachita opaleshoni.